Chitini cha Che Amidu

Sabata yatha tinaphika sadaka ya amalume anga, Che Amidu, popeza chaka chakwana chimwalirireni. Nkhuni zinali zaziwisi, mpunga unachepa, ndipo msana ukundiwawabe mpaka lero. Anthu atabalalika ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana mapoto osatsuka, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lonse palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za chitini. Anawatama amalumewo kuti sankaphonya swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku. Anawatama kuti anali munthu wofatsa. Wofatsa! Amene ankanena zimenezo anawadziwa m'zaka zawo zomaliza, atasiya kale kuyankhula. Amalume amene ndinakhala nawo ine anali amakani, olongolola, otopetsa, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Anali mchimwene wa malemu mayi anga. Anachoka ku Mangochi ali kamnyamata kudzafuna ntchito m'migodi ya kuno ku Kwekwe, ndipo sanabwererenso. Akazi awo anamwalira kale, mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Joni n'kutchona. Ukwati wanga utatha ndinabwera ndi ana anga kudzakhala nawo m'kanyumba kawo ka ku Amaveni. Anthu ankati ndikuwasamala, koma kunena zoona denga linali lawo.

Imfa sankaiopa. Chimene ankaopa ndi kusowa owanyamula. Aneba athu achishona munthu akamwalira amabwera ndi lole n'kupita naye kumudzi kwawo. Amalume analibe mudzi wotero. Kumene anabadwira kunalibenso wowadziwa, ndipo ankanena kawirikawiri kuti mudzi wawo ndi amuna amene amaima nawo mzere umodzi mumzikiti Lachisanu, kuti amenewo ndiwo adzawasambitse, kuwakulunga ndi kuwasenza. Sanda, nsalu yodzawakulungamo akamwalira, anagula kalekale. Inkakhala m'sutikesi pamwamba pa wodilopu, ndipo chilimwe chilichonse ankaitulutsa kuiyanika pachingwe pamodzi ndi mayunifomu a ana anga. Ndinkachita nazo nthumanzi, koma iwo ankangoti nsalu yosaona dzuwa imanunkha nkhungu.

Chinthu china chimene ankachikonda, kuwonjezera pa mzikiti, chinali chitini chija. Chinali chitini chakale cha jamu chodzaza ndi tizivindikiro ta mabotolo a zakumwa, ndipo m'kati mwa kachivindikiro kalikonse analembamo chilembo chimodzi ndi penti yoyera. Masewera ake anali otere. Munthu ankapisa dzanja m'chitini osayang'ana, kutapa tizivindikiro tinayi, tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, n'kutiponya pachiguduli. Kenaka osewerawo ankasinthana kupanga mawu a Chingerezi ndi zilembo zomwezo, zonse, osasiyako ndi osawonjezerapo. Woyamba kuuma ndiye wagonja. Nthawi zambiri zilembo zinkatuluka zosagwirizana, zosabala mawu ndi amodzi omwe. Amalume ankati zimenezo ndi zakufa, n'kuzibweza m'chitini.

Chingerezi cholankhula sankachidziwa bwino. Sukulu anangoilawa, ndipo azungu a kumgodi ankalankhula nawo Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza cha m'migodi. Zilembo anaziphunzira pa ntchito. Chifuwa chitawavuta pansi, anawachotsa kumeneko n'kuwapatsa ntchito yolemba zikwangwani. Ankalemba ndi timalata tobooledwa, chilembo chilichonse ndi kachitsulo kake, ndipo timalatato tinkasungidwa kusitolo ya mgodi, pamwamba pa chitunda. Wosunga sitolo ankangopereka zilembo za ntchito imene watumidwa, basi. Ukatumidwa ina, ukwerenso chitunda. Amalume miyendo yawo inali yaulesi chibadwire. Tsiku lina anatenga zilembo zokalemba DANGER pa dzenje lakale, ndipo akubwerera mkazi wa bwana anawaitana kuti alembe GARDEN pa kachipata ka dimba lake. Atayala timalata tawo pansi anaona kuti chitunda sakwera, zilembo zake ndi zomwezo. Nkhani imeneyi anatiuza mpaka tinaitopa. Kuyambira pamenepo ankasanja ntchito zawo potsata zilembo: STOP ya pa njanji ndi POST ya pa zenera la makalata ankazilemba ulendo umodzi. Anzawo ankati ndi munthu wachangu, chonsecho iwo ankangothawa chitunda.

Ankati mzungu ndi woumira, njerwa ali nazo zochepa, amangozitembenuza n'kumangira nyumba zambiri. Ukawafunsa tanthauzo la mawu amene apanga, theka la nthawi sankalidziwa, ndipo analibe nazo ntchito. Ankati tanthauzo ndi la anthu ofuna ntchito ya muofesi, iwo chawo n'kudziwa ngati mawuwo alipo kapena kulibe.

Mgodi utatsekedwa, mnzawo wosewera naye anali a Tembo, mkulu wochokera ku Chipata amene ankayendetsa chikepe chotsitsa anthu pansi. Anali Mkatolika, wokonda kachasu pang'ono, ndipo ankabwera masana aliwonse amalume akangochoka kuswala. Ankakhala pansi pa mtengo wa mabulosi umene uli pafupi ndi chipata chathu, chiguduli pakati, dikishonale pambali. Dikishonale imeneyo ndiyo inali woweruza wawo, koma inali yoduka. Masamba akumapeto, kuyambira pa chilembo T, a Tembo anapichirira fodya chaka chimene mapepala anasowa. Ndiye mawu aliwonse oyamba ndi zilembo zakumapetoko ankabala mlandu.

"Amenewo mwaumba nokha, a Tembo."

"Alipo! TAMES. Ndinawamva kwa mzungu wa kuwekishopu."

"Mzungu wakeyo anafa. Tsegulani buku tione."

"Tsamba lake palibe."

"Nanga analisuta ndani?"

Pa mawu amenewo anakwiyirana nyengo yonse yozizira. A Tembo ankadutsa pamsewu nkhope atayang'ana kumbali, amalume n'kumakhosomola mokweza kuti awamve. Kenaka tsiku lina a Tembo anangolowa pachipata n'kukhala pa mpando wawo, osapereka ndi moni yemwe, ndipo amalume anawapatsira chitini. Za TAMES sanazitchulenso, koma ndinadzawamva amalume akuwagwiritsa ntchito mawu omwewo a Tembo atamwalira.

Imfa ya a Tembo ndiyo inayambitsa mavuto. Amalume anayesa kukopa ana anga. Anawo ankawayankha m'Chishona, maso ali pafoni. Mwana wanga Asiyatu, pofuna kuwasangalatsa, anawaonetsa kuti ukalemba zilembo pafoni mawu onse amatuluka nthawi yomweyo. Amalume anaiyang'ana foniyo, n'kunena kuti iwo sanakalambe kufika podya chakudya chotafuna wina. Ine anandipemphako kamodzi kokha. Ndinali nditangofika kuchokera kumsika kumene ndimagulitsa matimati, mapazi atatupa, ndipo ndinawauza kuti mutu wanga wadzaza kale. Sanandipemphenso. Anayamba kusewera okha mbali zonse ziwiri. Ankaponya, kutchula mawu awo, kenaka kusintha mawu a pakhosi n'kutchula a Tembo, n'kumaloza mpando wopanda munthu ndi kukangana nawo.

Tsopano ganizirani munthu wodutsa pamsewu. Akuona nkhalamba yochokera ku Malawi, ya ndevu zoyera, itakhala pansi pa mtengo, ikuponya tinthu pachiguduli, kutitembenuza, kung'ung'udza mawu osamveka ndi kuyankhula ndi munthu wosaoneka. Kuno nkhalamba ya ku Malawi singayetsemule osaganiziridwa zamankhwala. Ndipo Amaveni yadzaza ndi makorokoza, anyamata amene amatsika m'maenje akale a migodi kukasaka golide ndi chingwe ndi tochi, osadziwa ngati madzulo atulukamo. Anyamata otero amafuna wowauza kuti lero ndi tsiku labwino.

Woyamba kubwera anali Tinashe, mwana wa mayi amene tebulo lake kumsika ndi loyandikana ndi langa. Anali mnyamata waulemu. Anavula chipewa pachipata, anavulanso nsapato, anakhala chonjuta n'kuomba m'manja, kenaka anaika paketi ya shuga pamphepete pa chiguduli. Linali Lamulungu, ndinali pakhomo, ndipo ndinaona zonse.

"Pamusoroi, sekuru," anatero m'Chishona, kuwatchula agogo n'kupempha kuti amuone monga amachitira munthu kwa woombeza.

Amalume anaseka mpaka kukhosomola. "Mwana iwe, ine si n'anga. Awa ndi masewera. Kutamba chete, kusewera basi."

Tinashe anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene akudziwa kuti oombeza enieni amayamba ndi kukana. Sananyamuke. Amalume anamuyang'ana, anayang'ana mpando wa a Tembo, kenaka anamupatsira chitini kuti atape. Zilembo zinatuluka zamoyo. Amalume anapanga mawu angapo, nkhope ikuwala monga sindinaionere chimwalirireni mnzawo, ndipo mnyamatayo anachoka akumwetulira. Sabata yomweyo anapeza kagolide kogulira njinga yamoto yakutha. Nkhani inafalikira ngati moto wa m'tchire.

Anayamba kubwera awiri, atatu, m'mawa asanapite kumaenje. Ankatapa mmodzimmodzi. Zilembo zikabala mawu ankanyamuka mokondwa, zikatuluka zakufa ena ankabwerera kukagona. Ndalama amalume ankakana ndithu. Shuga ankalandira, koma ankawaphikira tiyi ndi shuga yemweyo, n'kuwauza nkhani ya chitunda ndi ya a Tembo, anyamatawo n'kumamvetsera mwaulemu podikira nthawi yawo. Ndinawafunsa tsiku lina tikudya.

"Amalume, mukudziwa chimene anawa akudzera?"

"Akudzaphunzira Chingerezi."

"Chiyambireni atchulapo mawu angati?"

Anapukuta mbale ndi chala. Kenaka anati, "Make Asiyatu, iwe umachoka mbandakucha, umabwera dzuwa litalowa. Ukufuna ndiziyankhula ndi mtengo? Ndinawauza kuti ndi masewera. Aliyense ndimamuuza."

"Koma sakukhulupirirani."

"Aziko ndaba," anatero m'Chilapalapa chawo, kutanthauza kuti palibe kanthu, ndipo anadzuka kukasamba m'manja.

Ndinakwiya, koma ndinawamvetsanso. Anali atayambanso kupesa ndevu m'mawa.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri. Inavumba sabata yathunthu, kenaka m'mawa wina kunacha bwino. Anzake a Tinashe ankakayika zotsika chifukwa nthaka inali itafewa, ndiye iye anati adikire akafunse kwa sekuru. Anafika nsapato zili matope okhaokha, anatapa, ndipo zinatuluka zilembo zimene amalume ankazikonda kuposa zonse, zija za STEAM, MEATS, TEAMS ndi MATES. Amalume anasangalala, anawomba m'manja, n'kuweramira pachiguduli kufunafuna mawu otsala amene anawathawa m'mutu. Pamene ankawakumbukira n'kudzutsa maso, mnyamatayo anali atapita kale. Dzenje linagumuka masana omwewo. Awiri anatulutsidwa amoyo. Tinashe anamutulutsa mawa lake.

Maliro atatha, mayi ake anabwera dzuwa lili paliwombo. Sanalowe. Anakhala pafumbi kunja kwa chipata, miyendo atatambasula, ndipo sanakuwe. Ankangobwereza mawu amodzi m'Chishona, "Sekuru, makamuudza kuti aende," kuti amalume ndiwo anamuuza mwanayo kuti apite. Anthu anasonkhana. Ine ndinayesa kufotokoza kuti ndi tizivindikiro ta mabotolo chabe, kuti ndi masewera a Chingerezi, koma mawu anga ankamveka opusa ngakhale m'makutu mwanga momwe. Amalume anaima pakhonde atagwira mzati. Lachisanu lotsatira atapita kumzikiti, amuna a mbali zonse ziwiri anasiya kampata pakati pa mapewa awo ndi a amalume. Atabwera kunyumba sanadye.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, kunabwera shehe ndi akuluakulu awiri a mumzikiti. Shehe wathu ndi wachinyamata, wobadwira konkuno, ndipo Chichewa chake chimatsamira pa Chishona. Anakhala pansi pa mtengo uja. Ine ndinawapatsa madzi n'kukhala pakhomo la khichini pomwe ndinkamva zonse. Amalume anayala chiguduli mwachangu n'kuyamba kuwaonetsa mmene masewera amayendera, kuti apa pali STOP, ukatembenuza pali SPOT, ukatembenuzanso pali POTS.

"Baba, musavutike," anatero shehe. "Masewerawa ndikuwadziwa, kusukulu tinkachita zangati zomwezi. Ine handina mhosva ndi zilembo, sizinalakwe kanthu. Funso langa ndi limodzi. Munkadziwa zimene anyamata aja ankaganiza?"

Ndinapemphera mumtima kuti akane. Akanatha kukana, ndipo palibe amene akanawatsutsa.

"Ndinkadziwa," anatero amalume.

Mmodzi wa akuluakulu aja anapumira m'mwamba. Amalume anapitiriza okha, osafunsidwa. "Ine pansi ndinagwirako. Ndikudziwa zimene mvula imachita ndi maenje akale. Matope ndinawaona pa nsapato zake. Ndikanangoti, mwana iwe, lero usatsike, akanandimvera kuposa mayi ake. Koma maso anga anali pachiguduli."

Palibe amene anawaopseza. Mkulu winayo, munthu amene anagwira nawo ntchito kumgodi, anangonena motsitsa kuti m'tauni mukumveka zoti mzikiti ukusunga woombeza, kuti achinyamata ena akung'ung'udza, ndi kuti tsiku la maliro mapewa a anthu sakakamizidwa. Amalume anacheukira kunyumba, kuzenera la chipinda chawo kumene kunali sutikesi ija. Kenaka anayamba kutola tizivindikiro kamodzikamodzi, osayang'ana zilembo zake, n'kumaponya m'chitini. Anatseka, n'kupereka kwa shehe ndi manja awiri.

"Ingochibisani m'nyumba, baba," anatero shehe. "Anthu akaiwala..."

"Chikakhala m'nyumba ndidzachitsegula."

Shehe anachitenga. Kumene chinathera sindikudziwa, ndipo sindinafunsepo.

Lachisanu linalo amalume anaimirira pamaso pa amuna onse n'kunena zomwe ananena pansi pa mtengo. Kampata kaja kanatsekeka. Anapitanso kwa mayi a Tinashe, atavala mkanjo wawo wabwino, koma anaima pakhomo mpaka miyendo inatopa, chitseko osatsegulidwa. Mayiyo kumsika anasamutsa tebulo lake kupita mzere wina, ndipo sindimuimba mlandu.

Zotsalazo ndi zimene anthu akuzitcha kufatsa. Ankatuluka m'mawa n'kukhala pansi pa mtengo, manja pamaondo. Miyezi yoyamba zala zawo zinkayenda zokha pabondo ngati zikusuntha kanthu, kenaka nazonso zinaleka. Anyamata akaima pachipata ankawatembenukira msana. Ndinawagulira nyuzipepala yokhala ndi masewera a mawu patsamba lomaliza, poganiza kuti cholembera sichingaoneke ngati ula. Anaipinda n'kundibwezera kuti ndikakulungire matimati. Tsiku lina ndinawauza kuti ndipanga tizivindikiro tina tizisewera awiri m'nyumba, chitseko chotseka. Anandiuza kuti ndikapume, ndatopa. Pang'onopang'ono mutu unayamba kuwathawa. Ankanditchula dzina la mayi anga, ankafunsa ngati a Tembo adutsa kale. Koma Lachisanu sankaliiwala, ndipo sanda ankakumbutsabe kuti iyanikidwe.

Anamwalira m'mawa wina wa mwezi wozizira, atamwa tiyi. Zonse zinayenda monga ankafunira. Anasambitsidwa ndi anzawo a mzere umodzi, anakulungidwa m'nsalu yawo yonunkhira dzuwa, ndipo amene anapita kumanda anandiuza kuti jeneza, chonyamulira maliro, inkangoyenda pamapewa, anthu akulimbirana kuti agwireko. Chimene ankaopa sichinawagwere. Ndimayesetsa kukondwera nazo, koma ndikakumbukira mtengo wake, zaka zija atakhala duu ngati chitsa, mtima umandiwawa ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire.

Mtengo wa mabulosi ulipobe. Mipando iwiri ija umodzi unathyoka, winawo ana amaikapo beseni pochapa. Pamene amalume ankakhala, pamene ankayala chiguduli, udzu sunamerepo, ndipo pali kadzenje. Sindinakumbe ine. Anyamata a golide amabwera m'mawa popita kumaenje, ena ang'onoang'ono oti amalume sanawaonepo n'komwe, amavula chipewa pachipata, amati "Pamusoroi, mhamha," n'kutapa kadothi ka pamalopo kumanga m'kapulasitiki n'kuika m'thumba. Ndakalipa, ndafotokoza, ndawauza kuti munthuyo anaimirira mumzikiti n'kukana pamaso pa anthu. Amandigwedezera mutu mwaulemu. Ndathiramo phulusa, ndathiramo zidutswa za njerwa, amazichotsa bwinobwino n'kuziika pambali. Lero m'mawa ndapeza patapidwanso. Mvula ikagwa mumadikha madzi, ndipo nkhuku za aneba zimabwera kudzamwa.